Kuulutsa Pompopompo Kudzera pa Cloud: Malangizo kwa Amene Akufuna Kuyamba

Anzanga ogwira ntchito youlutsa mawu ndi zithunzi akhala akundifunsa funso limodzimodzi kwa zaka zingapo, ndipo ndaliyankha kambirimbiri moti ndaona kuti ndi bwino ndilembe yankho lake kamodzi kokha. Funsolo ndi lakuti, kodi n'zoona kuti munthu angathe kuulutsa mpira, msonkhano kapena zoimbaimba pompopompo osanyamula galimoto yodzaza zipangizo kupita nayo kumalo a zochitika, ndipo ngati zili zoona, amayambira pati? N'zoona, ndipo phindu lake ndi lalikulu, koma ambiri amene amalimbikitsa njirayi amangotchula za ndalama zimene mungapulumutse, osanena za kuchedwa kwa zithunzi ndi mawu, kumene ndiko kumagwetsa anthu pa tsiku loyamba.

Tiyambe ndi mawu atatu amene muziwamva kawirikawiri. OB ndi njira yakale, imene chipinda chonse chowongolera chimaikidwa m'galimoto yaikulu ndipo aliyense, kuyambira dayirekitala mpaka wosakaniza mawu, amapita kumalo a zochitika. REMI ndi njira imene makamera okha ndi anthu ochepa amapita kumaloko, zithunzi n'kumatumizidwa ku situdiyo yanu kumene akuzisankha ndi kuzisakaniza. Cloud ndi makompyuta a kampani ina, monga Amazon Web Services, Microsoft Azure kapena Google Cloud, amene mumawabwereka pa intaneti n'kulipira nthawi imene mwawagwiritsa ntchito. Mukamapanga pulogalamu pa cloud, makina osankhira zithunzi, osakanizira mawu, olembera mayina pa sikirini ndi obwerezera zithunzi amakhala mapulogalamu a pa makompyuta obwerekawo, ndipo anthu anu amawayendetsa ali kulikonse kumene kuli intaneti yodalirika.

Phindu lalikulu ndi la anthu. Gulu limene kale linkatha tsiku lonse pa ulendo, tsiku lina likuyala mawaya, ndi lina likubwerera, tsopano lingathe kupanga mapulogalamu awiri kapena atatu ochokera kumalo osiyana pa tsiku limodzi, chifukwa dayirekitala akamaliza wina amangolowa mu wina ali pa mpando womwewo. Katswiri wa mawu amene simukanatha kumulipirira ulendo ndi malo ogona mungathe kumulemba ntchito ya maola atatu okha. Phindu lachiwiri ndi la zipangizo, popeza simugula makina okwera mtengo amene amakhala osagwira ntchito masiku ambiri a pa chaka, ndipo pakakhala zochitika ziwiri pa nthawi imodzi mumangoyatsa chipinda chachiwiri. Chimene chimatuluka pa phindu liwirili, ndipo ine ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse, ndi chakuti zochitika zing'onozing'ono zimene sizikanayenera kutumizirako galimoto ya OB, monga masewera a achinyamata, tsopano zingathe kuulutsidwa bwino. Njirayi inalipo kale koma inafala kwambiri mu 2020, pamene mliri wa COVID-19 unaletsa anthu kuunjikana m'zipinda zowongolera. Mu April chaka chimenecho, bungwe la NFL, loyendetsa masewera a American football ku America, linachita mwambo wake wosankha osewera atsopano aliyense ali kwake, ndipo mkulu wake Roger Goodell ankalengeza mayina ali m'nyumba mwake.

1. Gawani ntchito: zotsala kumalo a zochitika ndi zopita pa cloud

Makamera, owagwira, maikolofoni, magetsi ounikira ndi makina otchedwa encoder, amene amapanikiza zithunzi kuti zichepe n'kutha kuyenda pa intaneti, zonsezi zimatsala kumalo a zochitika. Kumeneko kukhalenso munthu mmodzi wodziwa za netiweki amene sagwira kamera, chifukwa waya ukazuka pulogalamu ili mkati, palibe amene angaubwezeretse ali kutali. Ngati malowo ali ndi masikirini akuluakulu oonetsa wolankhula kwa anthu amene ali momwemo, musatenge zithunzi zake pa cloud, chifukwa zidzafika mochedwa ndipo omvera adzaona milomo ikuyenda mawu atadutsa kale. Masikirini amenewo apatseni zithunzi zochokera pamalo pomwepo.

2. Werengetsani intaneti yotumizira, osati yolandirira

Ogulitsa intaneti amakonda kutchula liwiro lolandirira, koma inu chimene mukufuna kumalo a zochitika ndi liwiro lotumizira. Kamera imodzi ya zithunzi za HD za 1080p, yopanikizidwa ndi njira yotchedwa H.264, imaoneka bwino pa 6 mpaka 8 Mbps (muyeso wa liwiro la intaneti), ndipo masewera othamanga amafuna zochulukirapo. Makamera 4 pa 8 Mbps ndi 32 Mbps, ndipo muwonjezepo gawo limodzi mwa magawo anayi la zidutswa za deta zotumizidwa kachiwiri zikatayika panjira, zimene zikukufikitsani pa 40 Mbps. Ine sindikhulupirira intaneti imene liwiro lake likungokwanira chiwerengero chimenechi, ndipo ndimafuna kuti liwirolo likhale pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ngati mukulipira pa kuchuluka kwa deta, dziwani kuti 8 Mbps ndi 3.6 GB pa ola, kotero makamera 4 pa maola 3 adzadya zoposa 43 GB. H.265, njira ina yopanikizira zithunzi, imachepetsa zimenezi ndithu, koma yambani mwatsimikiza kuti mbali zonse ziwiri, yotumiza ndi yolandira, zikuidziwa.

Cholakwa chofala ndi kuyesa liwiro malo ali opanda anthu. Netiweki ya mafoni imene inali yabwino m'mawa imadzaza anthu masauzande akalowa ndi mafoni awo. Ngati kuli kotheka, gwiritsani ntchito waya wa fibre kapena intaneti ya waya imene simukugawana ndi wina aliyense, ndipo encoder ilumikizidwe ndi waya, osati Wi-Fi. Kumene kulibe waya, pali makina a makampani monga LiveU, TVU Networks ndi Dejero amene amaphatikiza makhadi a SIM angapo kukhala njira imodzi, ndipo makhadiwo akhale a makampani osiyana.

3. Sankhani njira yotumizira zithunzi

Potumiza kuchokera ku kamera kupita pa cloud, ndimalimbikitsa SRT. Inapangidwa ndi kampani ya Haivision, imene inaipereka kwa aliyense kwaulere mu 2017, ndipo ubwino wake ndi wakuti kachidutswa ka deta kakatayika panjira, mbali yolandira imapempha kuti katumizidwenso isanakwane nthawi yoonetsa chithunzicho. Imathanso kubisa zithunzi ndi AES kuti wina asazibe panjira. RTMP, imene ndi yakale, isiyeni kuti igwire ntchito yomaliza yotumiza pulogalamu yomalizidwa ku YouTube kapena Facebook. NDI ndi yabwino m'kati mwa nyumba imodzi kapena pakati pa makompyuta a pa cloud, koma yathunthu imadya zoposa 100 Mbps pa kamera imodzi, kotero siyoyenera kudutsa pa intaneti wamba.

Pa SRT, mbali imodzi imaimba ndipo inayo imadikira, zimene pa makina zimalembedwa kuti caller ndi listener. Encoder ya kumalo a zochitika ikhale yoimba, ndipo kompyuta ya pa cloud ikhale yodikira, chifukwa netiweki zambiri za mafoni ndi za m'mabwalo sizilola kuti wakunja aimbe kulowa mkati. Pa cloud mutsegule khomo (port) la UDP la kamera iliyonse palokha, chifukwa pa njira ziwiri zimene deta imayendera pa intaneti, UDP ndi TCP, SRT imagwiritsa ntchito UDP. Anthu ambiri amene amandiimbira kuti zithunzi sizikufika amakhala atatsegula TCP m'malo mwa UDP.

4. Konzani chipinda chanu cha pa cloud

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kubwereka kompyuta yokhala ndi GPU, kachipangizo kamphamvu kokonza zithunzi, n'kuikamo pulogalamu imene anthu anu akuidziwa kale, monga vMix kapena OBS Studio, kenako n'kumaiyendetsa muli kutali kudzera pa mapulogalamu oonetsa sikirini mosachedwa monga Parsec. Yachiwiri ndi kulipira makampani amene anakonzeratu chipinda chonse, monga Grass Valley AMPP kapena TVU Producer. Njira yoyamba imafuna munthu wodziwa kusamala makompyuta, pamene yachiwiri imakuchotserani ntchito imeneyo koma imakumangani pa zimene kampaniyo ikulola.

Sankhani dera la maseva loyandikana ndi malo a zochitika komanso ndi anthu anu. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi m'waya wa fibre, kutanthauza mamilisekondi 5 pa makilomita 1,000 aliwonse ulendo wopita wokha, ndipo mawaya sayenda molunjika. Ngati akaunti yanu ndi yatsopano, pemphani chilolezo chobwereka makompyuta a GPU masiku angapo zisanachitike, chifukwa makampaniwa kawirikawiri amaika malire pa maakaunti atsopano ndipo sayankha nthawi yomweyo. Pa za ndalama, kulowetsa deta pa cloud nthawi zambiri sikulipiritsidwa koma kuitulutsa kumalipiritsidwa, kotero chithunzi chilichonse chimene mukutumiza kwa dayirekitala, kwa ofotokoza masewera ndi kwa oonera chili ndi mtengo wake.

5. Yezani kuchedwa ndipo mufananitse makamera onse

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. M'galimoto ya OB, makamera onse amalumikizidwa ndi mawaya ndipo amatsatira chizindikiro chimodzi cha nthawi, kotero zithunzi zake zimafika pamodzi. Pa intaneti, kamera iliyonse imayenda ulendo wakewake ndipo imafika pa nthawi yakeyake. Tiyerekeze kuti kamera yoyamba ili pa fibre ndipo ikuchedwa ndi mamilisekondi 400, pamene yachiwiri ili pa netiweki ya mafoni ndipo ikuchedwa ndi 1,500. Pa zithunzi 25 pa sekondi, chithunzi chimodzi chimatenga mamilisekondi 40, ndiye kuti makamera awiriwa asiyana ndi zithunzi zoposa 27. Dayirekitala akachoka pa yoyamba kupita pa yachiwiri, oonera adzaona mpira womwewo ukumenyedwa kawiri, ndipo akabwerera pa yoyamba adzapeza kuti chigoli chalowa kale osachiona.

Lamulo lake ndi losakondweretsa koma losavuta, lakuti makamera onse adikire amene akuchedwa kwambiri. Musayese kufulumizitsa wochedwayo mwa kuchepetsa nthawi yake yodikira, chifukwa nthawi imeneyo ndiyo imapatsa SRT mpata wopemphanso zidutswa zotayika, ndipo mukaichepetsa zithunzi zidzayamba kuthyokathyoka. Chitani motere.

Choyamba, yezani nthawi imene deta ikutenga kupita pa cloud ndi kubwerera, imene imalembedwa kuti RTT ndipo encoder yambiri imaionetsa. Chiyambi chabwino ndi kuika latency ya SRT, imene ndi nthawi yodikira ija, pa chiwerengero chimenechi kuchulukitsa ndi 4, kotero RTT ya mamilisekondi 80 ikufuna osachepera 320. SRT imabwera itaikidwa pa 120, chiwerengero chimene sichikwanira pa ulendo wautali. Pa netiweki ya mafoni, imene liwiro lake limasinthasintha, ine ndimayambira pa sekondi imodzi kapena awiri. Kumbukirani kuti mbali ziwirizi zikaikidwa mosiyana, SRT imatenga chiwerengero chachikulu, choncho yang'anani mbali zonse musanadabwe.

Chachiwiri, ikani chiwerengero chimodzimodzi pa makamera onse, chotengera amene ali pa njira yoipitsitsa. Izi zokha sizimaliza vutolo, chifukwa ma encoder a mitundu yosiyana amatenga nthawi yosiyana popanikiza chithunzi, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino kugwiritsa ntchito mtundu umodzi, kapena encoder imodzi yolandira makamera angapo imene imawatumiza ali ogwirizana kale.

Chachitatu, yezani ndi maso. Yatsani wotchi yoonetsa mamilisekondi pa foni kapena pa tabuleti, makamera onse aloze pa wotchiyo nthawi imodzi, ndipo wa kuchipinda chowongolera ajambule sikirini imene ikuonetsa makamera onse pamodzi. Kusiyana kwa manambala pa chithunzicho ndiko kusiyana kwa makamera anu. Amene ali patsogolo muwachedwetse pa pulogalamu yosankhira zithunzi mpaka manambala afanane. Ngati makamera ali motalikirana moti sangaone wotchi imodzi, munthu aime pamene onse akumuona n'kuwomba m'manja kamodzi mwamphamvu, ndipo inu mubwereze zojambulazo pang'onopang'ono kuti muone chithunzi chimene manja akugundana.

Chachinayi, bwerani ku mawu. Asakanizidwe kumalo a zochitika, kapena atumizidwe onse pamodzi m'njira imodzi, n'kuyenda ndi kamera imodzi yodalirika, ndipo pulogalamu yonse imvere mawu amenewo okha, mawu a makamera ena onse atatsekedwa. Kuwomba m'manja kuja kudzakuthandizaninso kuona ngati mawu akugwirizana ndi milomo. Malangizo a ITU, bungwe la dziko lonse loona za mauthenga, amasonyeza kuti anthu amayamba kuzindikira vuto mawu akatsogola ndi mamilisekondi pafupifupi 45, kapena akatsalira ndi pafupifupi 125. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa chake, pakuti tinazolowera kuona chinthu chakutali tisanamve phokoso lake, koma sitinazolowere kumva mawu milomo isanayende. Ngati simungathe kufananitsa ndendende, ndi bwino mawu atsalire pang'ono kusiyana ndi kutsogola.

Chomaliza, musaganize kuti mwayeza kamodzi ndiye kuti zatha. Mawotchi a m'makina amasiyana pang'onopang'ono, kotero ma encoder onse atenge nthawi ku seva imodzi ya NTP, yopereka nthawi yolondola pa intaneti, ndipo encoder ikazima n'kuyakanso, muyezenso chifukwa kuchedwa kwake kungathe kusintha. Pa pulogalamu yaitali, gwiritsani ntchito nthawi yopumira kuti muonenso.

Ofotokoza masewera amene ali kutali ali ndi vuto lawolawo. Chithunzi chimawafika patapita kanthawi, ndipo mawu awo amatenganso nthawi kubwerera pa cloud, kotero mukawaphatikiza osawerengera, adzafuula za chigoli oonera atachiona kale. Apatseni chithunzi chofulumira kudzera pa WebRTC, njira yotumizira zithunzi mosachedwa, yezani ulendo wonse wopita ndi wobwera, kenako muchedwetse chithunzi cha pulogalamu ndi phokoso la m'bwalo ndi nthawi yomweyo kuti zikumane ndi mawu awo.

6. Konzani kulankhulana ndi mawu obwerera

Njira yolankhulirana pakati pa dayirekitala ndi ogwira makamera isadutse m'njira yochedwa ya zithunzi, koma ikhale yapayokha ndi yofulumira. Ngakhale zili choncho, dayirekitala azikumbukira kuti chimene akuona chinachitika sekondi imodzi kapena awiri apitawo, kotero azipereka malangizo msanga ndipo azikhulupirira ogwira makamera kuti atsatire zochitika okha. Nyali yofiira yosonyeza kamera imene ili pa mphepo, yotchedwa tally, iyeneranso kutumizidwa pa intaneti, ndipo wogwira kamera asasunthe nthawi yomweyo nyaliyo ikazima kapena asanatsimikize.

Mtolankhani kapena mlendo aliyense amene ali kutali alandire mix-minus, kutanthauza mawu onse a pulogalamu kuchotsapo ake. Munthu akamamva mawu ake akubwerera patapita sekondi amayamba kudodoma ndipo amalephera kumaliza chiganizo, ngakhale atakhala wozolowera bwanji. Aliyense amafunika mix-minus yakeyake, ndipo aliyense avale mahedifoni. Muletsenso aliyense wa m'gulu lanu kuonera pulogalamu pa YouTube kapena Facebook ngati njira yoyang'anira ntchito, chifukwa kumeneko kuchedwa kumafika masekondi ambiri, nthawi zina oposa 20.

7. Konzani njira yachiwiri

Lembani pa pepala zimene zingaduke, zomwe ndi intaneti ya kumalo a zochitika, magetsi, kompyuta ya pa cloud, ndi intaneti ya kunyumba kwa dayirekitala, imene ambiri amaiiwala. Kamera yaikulu yoonetsa malo onse ikhale ndi njira yachiwiri ya kampani ina, yokhala ndi mawu a pulogalamu, imene ingathe kupita molunjika kwa oonera ngati cloud yagwa. Ma encoder ndi rauta akhale pa batire, kamera iliyonse izijambula pa khadi lake, ndipo pakhale munthu wachiwiri, pa intaneti ina, amene angatenge mpando wa dayirekitala. Ubwino wina wa cloud ukuonekera pano, pakuti intaneti ya dayirekitala ikaduka pulogalamu siima, imangokhala pa kamera imene inalipo mpaka wina atalowa. Mawu achinsinsi ndi stream key, kiyi imene YouTube kapena Facebook imakupatsani youlutsira pa akaunti yanu, musawatumize m'magulu a anthu ambiri, chifukwa aliyense amene ali nawo angathe kuulutsa m'dzina lanu.

8. Yesererani, ulutsani, zimitsani

Yesererani pulogalamu yonse tsiku limodzi zisanachitike, pa malo enieniwo, ndi anthu enieniwo, ndipo muzule waya wa intaneti mwadala kuti muone ngati njira yachiwiri ikugwiradi ntchito komanso ikutenga masekondi angati. Potumiza ku YouTube kapena Facebook, ikani keyframe, chithunzi chathunthu chimene encoder imatumiza nthawi ndi nthawi, pa masekondi 2 aliwonse monga mmene iwo amafunira. Pa tsiku lenilenilo, yatsani zonse maola awiri nthawi isanakwane, bwerezani kuyeza kwa wotchi ndi kuwomba m'manja, ndipo munthu mmodzi aziyang'ana manambala a SRT nthawi yonse, chifukwa kuchuluka kwa zidutswa zotumizidwanso kumayamba kukwera zithunzi zisanayambe kuwonongeka, ndipo pamenepo mungathe kutsitsa Mbps za kamera imodzi zinthu zisanaipe.

Pulogalamu ikatha, koperani zojambula zimene mukufuna kusunga, kenako zimitsani makompyuta onse a pa cloud, ndipo patsidwe munthu mmodzi wodziwika udindo umenewu. Kompyuta ya GPU yoiwalika imapitiriza kuwerengera ndalama ola lililonse, usiku ndi usana, ndipo ngakhale itazimitsidwa, malo osungira deta amene munabwereka amalipiritsidwabe mpaka mutawafufuta. Musanachoke, lembani RTT, latency ndi kuchedwa kumene munaika pa kamera iliyonse ndi pa mawu, pamodzi ndi kampani ya intaneti imene munagwiritsa ntchito pa malowo, kuti mukadzabwererakonso mudzayambire pa manambala amenewo.